Mlandu wa Khehla ku Belmont

Ine mpira sindinaukondepo chibadwire. Ndili mwana kwathu ku Dedza, anzanga akamalimbirana chikulunga pabwalo, ine ndinkakhala pambali n'kumasema tigalimoto. Ndiye ndikakuuzani kuti ukwati wanga unafika polendewera pa mawondo a mkulu wina wosewera mpira ku Mangalande, munthu woti mpaka lero sadziwa kuti ndilipo, musafulumire kuseka. Kapena sekani basi, ku Bulawayo anandiseka kale mpaka misozi.

Ndinachoka kumudzi mwana wathu Tadala akukwawa. Ndine kalipentala, ndipo ndinamva kuti ku Bulawayo kuli fakitale ya mipando ndi madesiki imene ikufuna amisiri. Make Tadala ndinawauza kuti zaka ziwiri zokha, ndibwera ndi malata. Ndinali mkamwini, nyumba ndinamanga ndine koma dothi n'lawo, ndiye munthu umafuna kuti tsiku lina nawe udzayende pamudzipo mosazyolika. Anandiperekeza mpaka pamsewu. Sanalire, anangoti ndikafika ndiimbe.

Fakitale yathu inali ku Belmont, dera la mafakitale mumzindawo. M'mawa tikatsika kombi tinkadutsa mageti ambiri okhoma, udzu utamera mpaka m'mawindo, ndipo yathuyo inkangopumira m'mwamba. Zaka zoyamba ndinkatumiza bwinobwino. Kenako anatiuza kuti tizibwera masiku atatu okha pamlungu, zotumiza zinayamba kuonda, kuimba foni nakonso kunaonda. Ndinene zoona, amene anandigwira ndi manyazi. Nambala ya kumudzi ikamalira ndinkangoiyang'ana mpaka isiye yokha, n'kumadzinamiza kuti ndiimba mwezi ukatha. Zaka ziwiri zija zinabala zinzake mpaka ndinasiya kuwerenga.

Ndinkakhala ku Emakhandeni, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya a Gama. Mkuluyu anachoka ku Ntcheu alibe ndevu, ndipo ankapaka vanishi pafakitale yathu kuyambira ine ndisanabadwe. Ana awo Chichewa ankamva koma ankayankha m'Chindebele, ndiye ndikuganiza kuti anandisunga kuti apeze munthu womukalipira m'chinenero cha kwawo. Koma chachikulu choti mudziwe za a Gama n'chakuti anali wapampando wa komiti ya antchito. M'thumba la ovolosi yawo munkakhala kabuku ka malamulo a ntchito, kakuda ndi thukuta, ngodya zake zopindika. Mabwana akafuna kuchotsa munthu, a Gama ankatulutsa kabukuko n'kufunsa kuti chenjezo la pakamwa munapereka liti, lolemba lili kuti, lomaliza lili kuti, nanga mlandu munakhala tsiku lanji. Anthu ambiri, aulesi ndi zidakwa zomwe, anadyetsa ana awo zaka zoonjezera chifukwa cha kabuku kameneko.

Masewera amene anandivutitsawa anabwera nawo ndi Sibanda, dalaivala wa lole ya kampani, Mndebele wamtali wa pakamwa posatseka. Ndi mpira wa pafoni. Umasankha osewera enieni a mu ligi ya ku Mangalande, khumi ndi mmodzi olowa m'bwalo ndi anayi odikira pabenchi, ndiye iwo akamasewera kwawoko Loweruka ndi Lamulungu, iwe kuno umakolola mapointi. Akagoletsa, mapointi ambiri. Akangoponda m'bwalo osachita kalikonse, pointi imodzi. Wosewera aliyense ali ndi mtengo wake ndipo thumba limene amakupatsa ndi laling'ono, ndiye ukasunga munthu wodula amene sakugoletsa ndiye kuti wadzimanga wekha miyendo. Fakitale yonse inapenga nazo. Nthawi ya tiyi anthu anasiya kutukwana mabwana, n'kumatukwana azungu ndi anyamata a ku West Africa oti sanawaonepo.

A Gama mpira ankaudziwa, koma foni yawo inali ya mabatani. Ine foni yabwino ndinali nayo, koma mpira mbuli. Choncho tinapanga timu imodzi, n'kuitcha Achimwene Stars, popeza kumeneko Mmalawi aliyense ndi achimwene, kaya ndi gogo wa munthu. Tinagwirana chanza kuti palibe wogula kapena kugulitsa wosewera popanda mnzake kuvomera. Ine ndinavomera mosaganiza, ndinkangoona ngati ndikusangalatsa mwini nyumba.

Woyamba kusankhidwa ndi a Gama anali womwetsa zigoli wina wadazi, amene anyamata a pafakitale ankamutcha Khehla, ndiye kuti nkhalamba m'Chindebele. Dzina lake lenileni linkandipinda lilime, sindiliyesanso pano. A Gama ankati anamuona akuyamba mpira ali kamnyamata, ndipo zaka zonsezi sanawakhumudwitsepo. Vuto linali lakuti chaka chimenecho mawondo anali atamuthera. Mpira ukaponyedwa kutsogolo, Khehla ankauyamba bwinobwino, kenako n'kumauperekeza ndi maso. Koma mtengo wake pafoni unali udakali wa masiku a ulemerero.

Chaka chilichonse mwezi wa Juni, Sibanda ankapita ndi madesiki ku Lilongwe kudzera ku Tete ndi ku Dedza. Ligi itangoyamba anaima pa mulu wa matabwa n'kulengeza kuti amene adzamupitirire mapointi pakutha pa ligi adzakwera kutsogolo kwa lole yake ulele, ndi katundu yemwe. Ankanena modzitama chifukwa panalibe amene anamupitirirapo. Ine sindinazitengere, ndinkamwa tiyi wanga.

Chimanga chikumasula kumudzi, ndinalandira uthenga wa mawu kuchokera kwa a Kachingwe, malume awo a make Tadala. Anayamba ndi kutsokomola, kenako anati:

"Akamwini, tikukhulupirira kuti muli moyo. Tikamaliza kukolola ankhoswe akhala pansi. Mukadzapezekapo tidzamva mbali yanu. Mukapanda kupezeka tidzamumasula mwana wathu, pakuti sanakwatiwe ndi foni."

Ndinaumvera katatu ndili m'chimbudzi cha pafakitale. Mkazi wanga ndinkamukonda, ngakhale zochita zanga sizinkaonetsa. Ya basi, pa masiku atatu a ntchito aja, ndinalibe. Ndinapita kwa Sibanda mwakachetechete kukapempha malo, osamuuza chifukwa. Anaseka mpaka kuonetsa dzino lake lagolide.

"Hayi, sibali," anatero, ndiye kuti mlamu m'Chindebele. "Sizitheka. Ndinalankhula pagulu. Ndipitirire kaye."

Nthawi imeneyo tinali kumbuyo kwake kutali ndithu. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwerenga mpira ngati ndikukonzekera mayeso. Ndinadziwa amene wavulala, amene wakangana ndi kochi, amene mkazi wake wabereka. Ndipo sindinachedwe kupeza matenda a Achimwene Stars. Khehla anali asanagoletse chiyambire mvula, pomwe ndi mtengo wake tikanagula anyamata awiri othamanga. Ndinawauza a Gama kuti mkuluyu apite.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anafunsa ngati munthuyo tinamuchenjezapo. Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iwo sanaseke, anatulutsa kabuku.

Chenjezo la pakamwa linaperekedwa Lamulungu titachoka kumapemphero, pansi pa mtengo wa mapichesi wa pakhomo pawo. Anandiuza kuti nditsegule chithunzi cha Khehla ndi kuigwira foni molunjika. Anakonza kolala, n'kuyamba kuti, "Baba Khehla, ntchito yanu masiku ano siikutisangalatsa." Anamulankhula nthawi yaitali, Chichewa chosakaniza ndi Chindebele, kumukumbutsa zabwino zimene anachita kale, kumufunsa ngati kunyumba kuli mavuto. Mayi Gama anatuluka ndi beseni, anaima, anatiyang'ana tonse awiri, n'kubwerera m'nyumba osataya madziwo. Pomaliza a Gama anati malamulo amafuna kuti munthu apatsidwe masewera atatu oti asinthe.

Masewera atatu anatha. M'amodzi mwa iwo Khehla anamenyetsa mpira pa chitsulo cha golo, ndipo a Gama anabwera kuchipinda kwanga akumwetulira kuti ndaona, munthu uja wamva. Ndinawauza kuti chitsulo sichipereka mapointi. Anati ndine wouma mtima ngati folomani, koma anavomera chenjezo lolemba. Analilemba kuseri kwa khadi la ntchito ndi zilembo zikuluzikulu, kuliwerenga mokweza, ine n'kusaina ngati mboni, kenako anakalimata m'kati mwa lokala yawo. Masewera ena atatu. Chenjezo lomaliza. Ine ndinayamba kupuma bwino, ndinkati kwatsala pang'ono.

Mlungu womwewo Khehla anavulala msana wa phazi pokonzekera masewera. Ndinathamangira kwa a Gama ndi nkhani yabwinoyi, kuti tsopano ngakhale m'bwalo sakulowa. Iwo anatsegula kabuku, kunyowetsa chala, n'kundionetsa pamene panalembedwa kuti munthu amene ali pa tchuthi cha matenda sachotsedwa ntchito. Ndinatuluka panja n'kukaluma chipewa changa.

Musandiyese munthu wokhulupirika. Tsiku lina m'kombi, tikudutsa ku Donnington, a Gama akuodzera pambali panga, ndinatulutsa foni n'kumuchotsa Khehla. Ndinasankha wolowa m'malo mwake, chala chili pa batani lotsimikiza, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati ndikuba nkhuku. Ndinadina. Kachizindikiro kanazungulira, kanazungulira, kenako foni inati netiweki palibe. Nditati ndiyesenso, a Gama anadzuka n'kufunsa kuti tafika pati. Chimene chinasunga pangano lathu tsiku limenelo ndi kampani ya mafoni, osati ine.

Khehla atachira kunali kutatsala masewera asanu kuti ligi ithe, ndipo a Gama anavomera kuti mlandu ukhale. Tinaukhala nthawi ya nkhomaliro, kuseri kwa shedi ya matabwa. Foni tinaitsamiritsa pa chitini cha vanishi, Khehla akumwetulira pachithunzi ngati palibe chimene walakwa. Woweruza anali MaMoyo, mayi amene ankagulitsa magwinya, mandasi a kumeneko, ndi maheu pageti. Tinamusankha chifukwa analibe timu, komanso malemu mwamuna wake anali wa ku Kasungu, ndiye Chichewa ankachimva. Fakitale yonse inabwera ndi mikate yawo m'manja, ngakhale folomani anaima chapatali ngati akuyang'ana matabwa.

Ndinayamba ndine. Ndinatchula zaka zake, mawondo ake, miyezi imene wakhala osagoletsa, ndi anyamata awiri amene tikanagula. Ndinati munthuyu akamathamanga, amene akuulutsa mpira amapeza mpata womwa madzi. Anthu anaseka, ine ndinadziona kuti ndapambana.

A Gama anaimirira pang'onopang'ono. Sanakane chilichonse mwa zimene ndinanena. Anangofunsa ngati Khehla anajombapo popanda chifukwa, ngati anabwerapo ataledzera, ngati anatukwanapo akuluakulu ake. Anati anzake a kumbuyo ndi amene sakumupatsa mpira, ndipo kalipentala sungamudzudzule kuti sanakhome desiki pomwe matabwa sanamubweretsere. Anati kukalamba, m'kabuku monse, sikunalembedwe pa mndandanda wa milandu. Kenako anaitana mboni yawo, ndipo amene anatuluka m'gulumo anali Sibanda. Munthu wopanda manyazi uja anaika dzanja pamtima n'kulumbira kuti Khehla ndi wosewera wabwino kuposa onse padziko, tisamugulitse, ndipo ngati n'kotheka timupatse ukaputeni. Anthu anagwa nazo ndi phwete. Aliyense ankadziwa kuti Sibanda akufuna tikhalebe ndi mtolo wathuwo mpaka ligi ithe, kupatula a Gama, amene ankagwedeza mutu kuvomereza umboniwo.

Pamenepo ndiye ndinapsa mtima. Ndinatola foni pachitini paja, kufufuza uthenga wa a Kachingwe, kukweza mawu mpaka kumapeto, n'kuibwezera pomwepo. Ndiye tangoganizani, nkhope ya Khehla ikumwetulira, koma mawu otuluka ndi a malume a ku Dedza, kuyambira kutsokomola kuja mpaka kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi foni. Amene ankamva Chichewa anasiya kutafuna. MaMoyo anamasulira ena aja motsitsa mawu. Ine ndinangoima, manyazi atandivula, ndikuyang'ana utuchi pansi.

A Gama anavula magalasi. "Mumagona m'nyumba mwanga, mumadya m'mbale yanga, nkhani yotereyi osandiuza?"

Ndinkayembekezera kuti basi, avomera. Koma anapukuta magalasi aja nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, mkazi wanu ndikufuna mukamupeze. Koma ndikavomera lero pamaso pa anthu onsewa kuti munthu achotsedwe chifukwa wakalamba, mawa mu ofesi muja ndikaima bwanji?" Palibe amene anaseka. Tonse tinkadziwa kuti manja awo anali atayamba kunjenjemera akagwira mfuti yopopera vanishi, ndipo folomani anali ataima pomwepo.

MaMoyo anapempha kabuku kaja. Kuwerenga Chingerezi sankatha bwino, koma anati akukumbukira kuti mwamuna wake atathyoka mwendo sanachotsedwe, anamuika pa ntchito yopepuka, yosesa ndi kuwerenga mapulanga. Anafunsa ngati mpira wa pafoniwu ulibe ntchito yopepuka. Wina anati ilipo, benchi. Chigamulo chinakhala chimenecho: Khehla sachotsedwa, koma sayambanso masewera. A Gama anavomera, pokhapokha ngati akhale woyamba pabenchipo, osati kumapeto ngati mwana wobwera dzulo. Ine ndinavomera mokukuta mano, chifukwa mtengo wake unali utatitsekerabe thumba. Tinachita kugulitsa wotchinga kumbuyo wabwinobwino kuti tipeze kamnyamata kena kotchipa kothamanga ngati kakuthawa ngongole ya mowa, kamene anyamata anakatcha Jaha, ndiye kuti mnyamata m'Chindebele.

Sibanda anandipeza pampopi madzulo ake. Anati akanadziwa akanangonditenga, koma tsopano anthu ena atatu anali atamupempha kale malo omwewo, wina wa maliro, wina wa chinkhoswe, ndipo onse anawayankha chimodzimodzi. Akanditenga ine popanda kumupitirira, fakitale imudya wamoyo. Ndinamumvetsa, ngakhale ndinkafuna kumuthira madzi.

Jaha anagoletsa mlungu woyamba. Anagoletsanso wachiwiri, kawiri. Tinayamba kukwera, ndipo Sibanda anayamba kuchepetsa mawu nthawi ya tiyi. A Gama Lachisanu lililonse ankandiuza kuti nditsegule benchi amuone Khehla, n'kumuuza kuti apirire, ntchito yopepuka si chilango. Pofika Lamulungu lomaliza, pamene matimu onse amasewera nthawi imodzi, tinali titamupumira Sibanda m'khosi.

Tinakaonera ku botolo sitolo ina ya ku Emakhandeni komweko, dzuwa likupendeka. Mayina a osewera anatuluka. Jaha panalibe, ngakhale pa benchi ya timu yake. Akuti anadya zosayenera, anatsekula m'mimba. Ndinakhala pa kireti, mutu m'manja. Koma ena athu aja anagwira ntchito, goloboyi wathu anagwira penate, ndipo osewera a Sibanda ankangozungulira. Mapointi ankasinthasintha, ife pamwamba, iye pamwamba, ife pamwamba. A Gama okha anali pakona, pa kawailesi kakanema kakang'ono kamene kankaonetsa masewera a timu ya Khehla, omwe panalibe wina aliyense wowafuna. Kutatsala mphindi zitatu ndinamva munthu mmodzi akuomba m'manja. Khehla anali atalowa. Anathamanga pang'ono, mpira unamugunda kumbuyo iye akuyang'ana kwina, woimbira n'kuimba kuti mpira watha.

Titayang'ana pafoni, ife ndi Sibanda tinali ndi mapointi ofanana ndendende. Sibanda anakwera patebulo. Anati kufanana si kupitirira, ndipo ankanena zoona.

Pobwerera kunyumba ndinalankhula mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinawauza a Gama kuti tikanamugulitsa munthu wawoyo kalekale bwenzi ndili ndi mkazi, kuti nkhalamba zimangotetezana, kuti iwo sankateteza Khehla koma ankadziteteza okha. Anatsegula geti, kundidikira ndilowe, n'kutseka. M'mawa tinakwera kombi imodzi ngati anthu osadziwana.

Nthawi ya tiyi Sibanda anaitana fakitale yonse kuti ione ndi maso. Anakwera pa mulu wa matabwa uja, kutsegula foni, kuikweza m'mwamba osayang'ana n'komwe. Amene anali kutsogolo anayamba kusuzumira, kenako wina anati, "Sibanda, tayang'ana bwino." Achimwene Stars inali pamwamba ndi pointi imodzi. Sibanda anatseka foni n'kutsegulanso, anaigwedeza, anabwereka ya mnzake. Chimodzimodzi. Amene ankadziwa bwino malamulo ndi amene anatifotokozera kuti wosewera wako akapanda kulowa m'bwalo, masewera onse akatha makina amamuchotsa okha n'kulowetsa woyamba pabenchi. Jaha sanasewere, ndiye analowa Khehla. Ndipo Khehla, chifukwa cha mphindi zitatu zija ndi mpira womugunda kumbuyo uja, anali ndi pointi yake imodzi ya kuponda m'bwalo.

Phokoso limene linabuka pamenepo folomani anachita kutuluka mu ofesi. Anthu anandinyamula, MaMoyo akululutira pageti osadziwa n'komwe kuti chachitika n'chiyani. Nditatsika ndinawafunafuna a Gama. Ndinawapeza kulokala kwawo akumatula makalata a chenjezo aja mmodzimmodzi, mosamala kuti asang'ambike. Ndinagwada pa simenti pomwepo, ovolosi ndi utuchi womwe, n'kupepesa.

"Dzukani, anthu angaone ngati ndine bwana," anatero. "Munthu uja sanachite zodabwitsa ayi. Anangobwera kuntchito."

Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pageti la fakitale. Anandipatsa jekete lawo la kutchalitchi kuti ndisakaoneke ngati wothawa kundende, ndipo anandilangiza kuti ndikafika ndisakayambe ndi kufotokoza, ndikakhale pansi ndimve. Ulendo wonse, kuyambira ku Gweru mpaka pa mlatho wa ku Tete, Sibanda ankangonena za pointi imodzi ija. Anaifotokozera wapolisi wa pamsewu, anaifotokozera mayi wogulitsa nthochi, anaifotokozera ngakhale wa kasitomu pachipata cha m'malire, amene sankamva Chindebele kapena Chingerezi. Ananditsitsa pa Dedza m'mawa kukuzizira, n'kundiuza kuti kumudzi akandikana ndimudikire pamsewu Lachinayi.

Pamudzi ndinapeza nyumba yanga ija ili ndi malata. Sanali anga. Make Tadala anali atayamba kulima mbatata ya kachewere n'kumagulitsa kwa a malole, ndipo anafolera okha. Mtsikana wina wamtali wovala yunifolomu anandilandira chikwama, kugwada, n'kundifunsa kuti ndikufuna ndani. Ndinamuuza kuti ndikufuna amayi ake. Anali Tadala, koma sindinathe kumuuza kuti ndine bambo ake.

Ankhoswe anakhala patapita masiku awiri, pakhonde pa a Kachingwe. Mkuluyo ankaoneka wokhumudwa kuti ndabwera, chifukwa anali atakonza mawu ambiri oti alankhule ine kulibe, koma anawalankhulabe onse. Anatchula zaka, anatchula maliro amene sindinalire nawo, matenda a mwana amene sindinawadziwe, mafoni amene sindinayankhe. Zonse zinali zoona. Nkhoswe yanga, mchimwene wanga wamkulu, inkangoyang'ana zala za kumapazi. Atandifunsa ngati ndili ndi mawu, ndinati ndilibe, ndinalakwa, ndinkachita manyazi kubwera chimanjamanja ndiye ndinachita chinthu chochititsa manyazi kuposa pamenepo. Ndinati mkazi wanga ndikumufuna, ngati iye akundifunabe.

Onse anatembenukira kwa make Tadala. Anali atakhala pamphasa chammbali, akutongola chimanga m'lichero ngati nkhaniyo ndi ya anthu ena. Anatongola chitsononkho chonse mpaka kumapeto asanayankhe.

"Asapite. Koma m'nyumba mwanga salowa. Agone kukhitchini, mwana ayambe wawazolowera."

Ndinagona kukhitchini milungu itatu, pakati pa matumba a mbatata ndi nkhuku yofungatira imene inkandida. Lachinayi lija ndinamva lole ya Sibanda ikuliza hutala kumsewu, katatu, ine ndili pamwamba pa nkhokwe ndikukhoma. Ndinakonza zitseko zonse za pamudzipo, mipando ya apongozi, ngakhale mpini wa khasu la a Kachingwe. Tadala anayamba kumabwera kudzandigwirira misomali, osalankhula, kenako kumafunsa kuti ku Bulawayo kuli njovu kapena ayi. Amayi ake ankandipatsa moni wa m'mawa ngati mlendo wa kutchalitchi, madzi osamba n'kundiikira, basi.

Tsiku lina nditabwerako kudimba sindinachipeze chikwama changa pamene ndinkachikoleka. Ndinasuzumira kuseri kwa matumba, ndinayang'ana ngakhale pansi pa nkhuku. Ndinamuitana Tadala n'kumufunsa ngati kunabwera munthu.

"Amayi achilowetsa m'nyumba," anatero. "Akuti kuno makoswe angachiboole."

Ndinamufunsa ngati amayi akewo ananenapo kanthu za mwini chikwamacho. Anaganiza kaye, chala chili pakamwa.

"Akuti nayenso, ababa."